Batani Limene Sindinawaphunzitse

Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kompyuta. Ndaphunzitsapo alembi a m'maofesi, apolisi, ngakhale abusa ena amene ankagwira mausi ngati iwaluma. Onsewo amati ndine mayi woleza mtima. Akamatero ndimangomwetulira, chifukwa pali wophunzira mmodzi amene sindinamulezere mtima, ndipo ndi bambo anga ondibereka.

Bambo anayendetsa basi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Mayi atamwalira ndinawatenga kuti tizikhala limodzi, ine, amuna anga ndi ana athu awiri aakazi. Chaka choyamba ankangokhala pakhonde n'kumaweruza magalimoto odutsa. "Ameneyo akupha giya," ankatero, osadzutsa n'komwe mutu.

Tsiku lina Loweruka m'mawa anandipeza ndikunyika zovala.

"Aphunzitsi," anatero. Ankanditchula choncho akafuna kanthu. "Kamakina kali pamwamba pa wadiropu kaja kanafa?"

"Kali moyo, bambo, kungoti n'kochedwa."

"Ndiye tigwirizana. Ndibwereke."

Ankafuna kulemba za mayi. Anati ana angawo akadzakula adzangodziwa chithunzi chili pakhoma, osadziwa kuti munthuyo ankalankhula bwanji. Cholembera sankathanso kuchigwira bwino chifukwa dzanja linkanjenjemera.

Ndinapukuta fumbi pa laputopu yakaleyo n'kuiika pa tebulo lodyera. Bambo anavala magalasi, n'kuyang'anitsitsa kiyibodi kwa nthawi.

"Anasanja zilembozi ndani? A ali kuno, B ali uko. Anali atalawako?"

Ndinaseka, n'kuyamba kuwaonetsa. Batani lalitali la m'munsili ndi losiyira mpata pakati pa mawu. Lalikulu la kumanjali ndi loyambira mzere wina. Ili la muvi woloza kumbuyo ndi lofufutira. Ndipo ili la muvi woloza kumwamba, kumanzere kuno, mumalipanikiza kaye kenako n'kudina chilembo, chimatuluka chachikulu.

"Ngati kilatchi," anatero. "Umaponda kaye, kenako giya."

"Ndi zomwezo."

Kenako analoza batani lili m'munsi mwa la muvi lija, lolembedwa kuti Ctrl. "Nanga ili?"

"Limenelo lisiyeni, si lanu."

"Nanga awa ali pamzere wa pamwambawa?"

"Amenewonso asiyeni."

"Mayi, pa basi yanga panalibe batani limene sindinkalidziwa ntchito yake."

"Iyi si basi, bambo."

Zovala zinali m'madzi, foni inkalira kuchipinda. Ndinangowapatsa lamulo limodzi: kompyuta ikafunsa ngati mukufuna kusunga zimene mwalemba, nthawi zonse muzivomera. Analemba lamulolo pa kapepala ndi dzanja lawo lonjenjemeralo, n'kukamata pambali pa kiyibodi.

Analemba miyezi isanu ndi iwiri. Ankalemba ndi chala chimodzi, maso ali pa mabatani, lilime litatuluka pang'ono. Ankadzutsa mutu pokhapokha akamaliza chiganizo. Nthawi zina ndinkawamva akuseka okha. Nthawi zina ankatuluka pakhonde n'kupukuta magalasi kwa nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Sankalola munthu kuwerenga. "Mudzawerenga tikafika," ankatero. Pa chakudya ankalengeza ngati kondakitala: "Tsamba la makumi awiri ndi atatu, amene akutsika atsike."

Za batani lija anandifunsanso kawiri. Kawiri konse ndinati mawa. Ndinkaganizanso zoti ndikopere zolemba zawozo pa fulashi, koma nazonso ndinkati mawa.

Linali Lachitatu, cha m'ma teni koloko m'mawa. Ndinali kutsogolo kwa kalasi ya anthu makumi awiri, ndipo kumbuyo kunakhala abwana amene anabwera kudzaona kaphunzitsidwe kanga. Foni inanjenjemera m'thumba katatu. Kachinayi ndinapepesa n'kukaima pakhomo.

"Mayi, zapita," anatero bambo.

"Chapita n'chiyani?"

"Zonse. Ndangodzutsa mutu, ndapeza patsala mzere umodzi."

Ndinacheuka. Abwana aja ankayang'ana wotchi.

"Bambo, ndili m'kalasi. Ingotsekani, ndidzaona ndikabwera."

"Nditseke?"

"Tsekani basi."

Anatseka. Kompyuta inawafunsa ngati akufuna kusunga. Anawerenga kapepala kawo kaja, n'kuvomera.

Nditaweruka ndinawapeza atakhala pa tebulo pomwepo, tiyi wa m'mawa atazizira m'kapu. Ndinatsegula zolemba zawo. Pamene panali masamba makumi anayi ndi limodzi panali mzere umodzi wokha: "gogo anu sankadziwa kuimba koma sankasiya."

Ndinaona kuti A wa kumayambiriro palibe. Ndinadziwa chimene chinachitika. Ankafuna kulemba kuti "Agogo", koma chala chinatsetsereka n'kupanikiza Ctrl m'malo mwa batani la muvi. Ctrl ndi A zikadinidwa limodzi zimasankha zonse zimene munthu walemba, ndipo chilembo chotsatira chimalowa m'malo mwa zonsezo. Iwo maso anali pa mabatani, sanaone kanthu.

Koma zimenezo si zimene zinandipweteka kwambiri. Batani lomwelo, ukalipanikiza n'kudina Z, limabweza zimene zafufutika. Ndimaphunzitsa zimenezi pa tsiku lachiwiri la kalasi iliyonse, ndipo ophunzira amaombera m'manja. Zimatheka ngati sunatseke. Ndikanawamvetsera kwa mphindi imodzi yokha, kapena kungowauza kuti asakhudze kalikonse, masamba onse akanabwerera.

Ndinayesa zonse zimene ndimadziwa. M'mawa mwake ndinapita nayo laputopuyo kwa katswiri wa kuntchito kwathu. Anakhala nayo masiku awiri, n'kudzandibwezera akupukusa mutu.

Ndinaganiza zowauza bambo kuti makinawo ndi okalamba, anangodzifera. Akanakhulupirira. Koma nditakhala nawo pansi, bodzalo linakana kutuluka. Ndinawauza zonse, za chala chawo, za Z, ndi za mawu anga a pafoni.

Kenako anati, "Tandionetsa."

Ndinatsegula tsamba latsopano, n'kulemba mizere itatu, n'kuifufuta monga anachitira iwo. Kenako ndinadina mabatani awiri aja. Mizere ija inabwerera.

"Ndiyese."

Anayesa. Inabwerera. Anayesanso kachiwiri, kachitatu.

"Basi? Zomwezi?"

"Zomwezo, bambo."

Ndinkadikira kuti andikalipire. Ndinkafuna atandikalipira. Iwo anangovula magalasi n'kuwaika m'thumba la malaya.

"Unatanganidwa, mayi. Ntchito ndi ntchito."

Anatseka laputopuyo bwinobwino ndi manja awiri, ndipo sanaitsegulenso.

Patapita milungu ingapo ndinawapempha kuti azindiuza pakamwa, ine ndizilemba. Poyamba anakana, kenako anavomera, mwina pondimvera chisoni. Tinkakhala Lamulungu masana. Anandiuza za tsiku limene anakumana ndi mayi. Mayi anakwera basi atanyamula mutu wa makina osokera, n'kukhala kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala. Basi itadumpha pa bampu, anawagogoda paphewa n'kunena kuti, "Achimwene, mwanyamula anthu, osati matumba a simenti." Bambo ankati kuyambira pamenepo mpaka kumapeto kwa ulendo anayendetsa ngati anyamula mazira, anthu ena mpaka kudandaula kuti achedwa.

Tinaseka tonse. Koma sizinkayenda choncho nthawi zonse. Ankayamba nkhani n'kuima pakati.

"Apa ndinalemba bwino kwambiri," ankatero. "Mawu ake andithawa."

Penanso ankandiyang'ana, n'kuyang'ana zala zanga zili pa mabatani kudikira.

"Dumpha pamenepo. Zina munthu sunganene pamaso pa mwana wako. Makina aja sankandiyang'ana."

Tinalemba masamba asanu ndi limodzi. Kenako kuiwala kunayamba kuwakulira. Ankafunsa ngati adya atangomaliza kudya. Tsiku lina anatuluka kuti akukanyamula basi ku depoti, ndipo tinakawapeza pa siteji ataima ndi jekete m'manja. Popeza ine ndi amuna anga timachoka m'mawa tonse, achimwene anga anawatenga kuti azikhala kwawo, kumene alamu amakhala pakhomo tsiku lonse.

Mwezi watha ndinasindikiza masamba aja n'kupatsa mwana wanga wamkulu, amene tsopano ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Anawerenga tili m'galimoto kupita kukaona agogo akewo. Masambawo amathera pamene mayi anatsika basi, bambo n'kuwafunsa kumene amasokera, mayi n'kuyankha kuti, "Mukafuna mudzapeza nokha."

"Ndiye anawapeza bwanji?" anafunsa mwanayo.

"Sindikudziwa," ndinatero. "Ukawafunse eni ake."

Tinawapeza atakhala pampando pansi pa mtengo, alamu atawaveka juzi ngakhale kunali dzuwa. Mwanayo anagwada pambali pawo, n'kuwaonetsa mapepalawo, n'kufunsa funso lake. Bambo anamumvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu mwaulemu. Anamusisita pamutu, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwana wabwino uyu," anatero. "Ndi wa ndani?"