Keke Yovala Diresi la Felista

Ndinamuuza Janet tsiku lomwe anafika, asanatule n'komwe chikwama, kuti mkazi wa pachitengwa saumba mwana wa mlamu wake. Anangoseka. Anati kumeneko si kuumba, agogo, ndi keke chabe.

Janet ndi mdzukulu wanga. Mayi ake atamwalira ndinamulera ine kuno kuseri kwa Nsaru, mpaka Gideoni anadzamutenga kupita naye kwawo cha ku Nambuma. Zaka zinayi zatha ali kumeneko, kumsana kulibe kanthu. Apongozi ake, aNankhoma, analeka kufunsa, ndipo ine munthu amene waleka kufunsa ndimamuopa kuposa wolalata. Mlongo wake wa Gideoni, Catherine, ali ndi kamtsikana kamodzi, Felista, ndipo pamudzi ponsepo kamwanako ndi kokhako kamene kankathamangira Janet akamachokera kumjigo. Loweruka la sabata imeneyo Felista amakwanitsa zaka zisanu. Bambo ake ali ku Joni, ndipo anatumiza mawu kuti pachitike phwando, paphikidwe mpunga ndi nkhuku ziwiri. Janet anaganiza kuti akafika ndi chinthu chimene pamudzipo sanachionepo, Catherine adzayamba kumuyankha moni ndi nkhope, osati ndi msana. Ukwati wake unali utapendekeka, iye ankafuna kuuchirikiza ndi keke.

Anabwera kudzaphikira kwa ine kuti kwawoko asadziwe. Powatsanzika ananama kuti agogo adwala mwendo. Chimenechonso ndinamudzudzula, chifukwa matenda onamizira akamva kuitanidwa amabwera.

M'chikwamamo munatuluka ufa wa tirigu, shuga, majarini, mazira okulunga m'nsanza ndi timabotolo ta utoto. Kenako munatuluka chidole chapulasitiki, chakuda ngati ife, chogula pakaunjika kumsika wa Nsaru. Ukachigoneka chimatseka maso, ukachidzutsa chimakuyang'ana. Pansi pa zonsezo panali diresi la mwana, lachikasu, la maluwa ofiira.

Ndinafunsa kuti ndi la yani. Anati ndi la Felista, lomwe amavala popita kutchalitchi. Analitenga pachingwe sabata yathayo Catherine ali kudimba, kuti aonerepo mtundu ndi maluwa, ndipo adzalibweza tsiku la phwando.

"Mayi ake akudziwa?"

"Akadziwa ndiye adzadabwanso ndi chiyani?"

"Watenga chovala cha mwana wa eni pachingwe, mobisa, iwe wopanda wako. Ukuwadziwa anthu amene amachita zimenezo?"

"Inu agogo mumaopa chilichonse. Paja chaka chatha munathawira kuchimanga mutaona opopera udzudzu, eti?"

Ndinamuuza kuti m'mawa abwerere, akaligwetse diresilo kuseri kwa bafa ngati linauluzika ndi mphepo, ndipo keke apange yozungulira ngati ya paukwati. Anati yozungulira aliyense anaionapo.

Lachinayi anayamba. Uvuni ndilibe, ndiye anathira mchenga mumphika wanga wophikira thobwa, n'kuuteleka pambaula, sefuliya ya keke n'kukhala pamchengapo, pamwamba lata la makala. Anaphika makeke atatu, awiri m'sefuliya, lachitatu m'mbale yakuya kuti lituluke ngati chulu. Loyamba linapserera pansi. Ndinati chimenecho n'chizindikiro, iye anati ndi makala ochuluka, n'kupala popsererapo ndi mpeni. Zonsezi amachita akuonera pafoni mzimayi wina amene manja ake okha ndi omwe amaoneka. Pofika masana foni inazima. Kuno magetsi kulibe, ndipo kukatchajitsa pa Nsaru anati kumutayitsa nthawi. Ine tsiku lonse ndinakhala pakhomo, aliyense wofuna kulowa ndimamupatsira moni pabwalo.

Lachisanu anasanjikiza makeke aja, n'kusema m'mbali kuti akhale ngati siketi yotambasuka. Pakati anaboola dzenje ndi tambula. Chidole chinakana kulowa, chinali chachitali. Anachipanira pamaondo n'kuzula miyendo, umodzi, kenako winawo. Ndinatuluka panja. Pobwerera ndinapeza timiyendoto tili pawindo, zala kumwamba. Ndinatikulunga m'kansanza n'kutisomeka kudenga, mu udzu, chifukwa sindinadziwe kuti choopsa n'chiti, kutaya kapena kusunga. Janet sanandione.

Tsitsi la chidole analiluka mizere itatu yopita kumbuyo, monga amamulukira Felista. Anapukusa majarini ndi shuga wosalala ngati ufa woyera, akudonthezamo utoto pang'onopang'ono, diresi lija atalitambasula pampando, mpaka chikasu cha m'mbale chinafanana ndi cha nsalu. Anamata siketi yonse, ndi pachifuwa pa chidole pomwe. Maluwa ofiira anafinya ndi kajumbo koboola pangodya, limodzilimodzi, lilime lili kunja. Atatha anayang'ana n'kunena kuti m'chiuno mukusowa kanthu. Anasolola kalamba ka diresi lenilenilo n'kukamanga pamenepo.

Pathabwa lomwe keke inakhalapo analembapo zilembo. Ine sukulu sindinapite, ndiye ndinafunsa. Anati ndi dzina la mwana ndi zaka zake. Ndinati dzina la munthu ndi zaka zake ine ndimaziona zikulembedwa pamtanda. Anandipempha kuti ndisatukwane ntchito yake.

Ntchitoyo inali yabwino, sindinama. Ukaima pakhomo n'kusuzumira m'nyumba umati Felista wachepa ndipo wakwera patebulo. Miyendo ya tebulo anaiika m'zitini za madzi kuopa nyerere, ine sindinadyere m'nyumbamo tsiku limenelo.

Loweruka m'mawa ndinamanga mpango n'kunena kuti tipitira limodzi.

"Nanga mwendo umene ndinawauza kuti mukudwala uja?"

"Ndikatsimphina."

Keke anaiika m'katoni ya sopo, koma mutu unatulukira pamwamba. Anazika timitengo m'ngodya zinayi n'kufunditsa nsalu yoyera ya patebulo. Ndinamupatsa chitenje changa, anati chimenecho chikununkha utsi. Ndinamuuza kuti chinthu chofunda nsalu yoyera, chonyamulidwa ndi akazi okhaokha m'mawa, chimakhala mtayo, khanda lobadwa lakufa. Iye anapitiriza kumanga chingwe.

Njinga yamoto anaikana chifukwa cha mabampu. Pa Nsaru tinakwera kagalimoto ka matola, iye kutsogolo atapakata katoni, ine kumbuyo pakati pa matumba a mtedza. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa linayamba kulasa tisananyamuke. Anthu ankakangana za mbewu, koma ataona nsaluyo analeka mmodzimmodzi. Mkulu wina amene anakhala pafupi nane anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Dalaivala anatsitsa wailesi.

Janet atazindikira anaseka n'kuvundukula pang'ono kuti aone. Anthu anapuma. Dalaivala anati mwanayo wakula, alipire mpando wake. Mkulu uja anavala chipewa chake mwamanyazi, nati akadakhala iye sakanadya, angamamulote. Mayi wina yekha ndi amene sanaseke. Anafunsa ngati kekeyo ndi ya mwana wake. Janet anati ndi ya mwana wa alamu ake. Mayiyo anamuyang'ana pachifuwa, n'kuyang'ana kunja mpaka tinatsika.

Kuchokera pamsewu kukafika kumudzi kwa Gideoni ndi ulendo wa miyendo. Janet anapinda nkhata n'kusenza katoniyo, akuyenda ngati wasenza madzi odzaza. Ine ndinali pambuyo nditakweza ambulera, mkono n'kumachita dzanzi. Sinathandize. Tisanafike padambo ndinaona kadontho kofiira pansalu yoyera ija, kenako ena awiri. Maluwa anali atayamba kusungunuka.

Titatulukira pamtunda ndinaima. Panalibe nyimbo. Janet anali atandiuza kuti kudzakhala zokuzira mawu zobwereka, koma kunali zii. Utsi wa pophikira panalibe. Nkhuku ziwiri zinali zomangidwabe miyendo pansi pa nkhokwe. Pakhonde la aNankhoma panakhala amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi, atatambalala, osalankhulana.

"Tula," ndinatero. "Siya chinthucho muno m'tchire, tikaone kaye."

"Chisungunuka, agogo. Mwina akudikira alendo."

Anapitirira. Ine ndinaiwala kutsimphina.

Zomwe zinachitika tinazimva pambuyo pake. Felista anagwa Lachinayi masana, thupi moto, kenako anayamba kukomoka, maso atatembenuka. Anathamangira naye kuchipatala cha mishoni, ndipo Gideoni anali komweko. Anamuimbira Janet kangapo, foni osapezeka. Catherine anali atangobwera kumene kudzatenga bulangete ndi ufa wa phala. Za diresi anali atafunsa nyumba ndi nyumba kwa sabata yathunthu, ndipo mwana atagwa, pamudzi ponse panalibe wosadziwa kuti chovala chake chinasowa pachingwe.

Tinalowa pabwalo maso onse ali pamutu pa Janet. Ndinamuthandiza kutula, iye n'kugwada. ANankhoma anandipatsa moni, kenako anandiyang'ana kumapazi.

"Mwendo uja wachira msanga, eti aNachisale? Mwayenda kuchokera kumsewu."

Ndinati zikomo, ukuyesera. Catherine anatuluka m'nyumba, bulangete lili m'khwapa, maso otupa.

"Alamu, mwatisenzera chiyani?"

Janet anafunsa kuti Felista ali kuti. ANankhoma anati avundukule.

Janet akanatha kunena kuti ndi katundu wa agogo. Ndinamutsina pamsana. Koma mwanayo bodza lake linali litathera pa mwendo wanga, ndipo anamasula chingwe.

Kutentha kunali kutafewetsa keke, chidole n'kupendekekera chagada. Maso chinali chitatseka. Zofiira zinayenderera pachikasu kuchokera pachifuwa mpaka pathabwa, pomwe panali dzina. Mizere itatu ya tsitsi inali bwinobwino, kalamba kali m'chiuno.

Palibe anakuwa. Mayi wina anakoka mwendo wake kuuchotsa pafupi ndi katoniyo. Catherine anaika bulangete pansi, anawerama, n'kuyang'ana kalambako nthawi yaitali.

"Diresi lili kuti?"

Janet analitulutsa m'chikwama, atalipinda bwino. Anayamba kufotokoza, mawu akuthamangitsana, kuti ndi keke ya phwando, kuti m'tauni amapanga zotere, kuti ankafuna mwana asangalale, kuti afunse amayi a kuparishi amene anamuphunzitsa kuphika. Catherine sanamvere. Anagwira chidole tsitsi n'kuchizula. Chinatuluka chopanda miyendo, ndipo atachiimika chinatsegula maso.

Mmodzi wa amayi aja ananena chapansipansi kuti Felista kuyambira dzulo sakutha kuima.

"Miyendo mwaiika kuti, alamu?"

Janet anati inatsala pawindo kwa agogo, ndi yapulasitiki, ikhoza kubwezeretsedwa. Anatembenuka kundiyang'ana kuti ndivomereze. Ine ndinaona kansanza kaja kali mu udzu wa denga langa, ndinaona anthu akubwera kudzakasolola, ndipo ndinadziwa dzina limene nkhalamba yosunga zotere kudenga imapatsidwa. Ndinati sindinaione. Ndinati pawindo panalibe kanthu pamene timatseka nyumba.

Janet anandiyang'anabe, kenako anagwetsa nkhope.

Amuna anali atayamba kufika, akuima patali, manja kumbuyo. Achinyamata ena anatulukira kuseri kwa khola. Amene anatipulumutsa ndi aLazaro, malume ake a Gideoni, omwenso ndi mkulu wa mphakati wa kutchalitchi. Anati nkhaniyi ndi ya ankhoswe, ndipo pamudzi pomwe pali wodwala sipakhetsedwa magazi. Analamula kuti keke, chidole, thabwa ndi nsalu yomwe ziponyedwe m'chimbudzi. Anatiperekeza okha mpaka kumsewu, akuyenda pambuyo pathu. Padambo chibuma chinagwa pafupi ndi phazi la Janet, china chinamupeza paphewa. ALazaro anangotsokomola, osatembenuka. Pamsewu anauza Janet kuti asabwere kaye mpaka aitanidwe.

Felista anachira. Achipatala anati anali malungo aakulu, ndipo Lachitatu anatuluka akuyenda yekha. Janet atamva analira ndi chimwemwe, anachapa zovala zake n'kuyamba kulongedza. Ndinamuuza kuti asafulumire. Kumudzi kuja ankanena kuti mwana anayamba kupeza bwino Loweruka madzulo, chinthu chija chitangoponyedwa m'chimbudzi, ndipo akanachedwa tsiku limodzi bwenzi akunena zina.

Sanaitanidwe. Ankhoswe anakumana kawiri, kachiwiri sikanatenge nthawi. Patapita milungu itatu Gideoni anabwera panjinga, kumbuyo atamanga sutikesi, ndowa ndi mapoto awiri. M'nyumba anakana kulowa, madzi akumwa anakananso. Anakhala pakhonde chipewa chili m'manja, nati iye payekha sakhulupirira zimenezo, koma mayi ake ndi mlongo wake sangadye chophika Janet, ndipo iye sangasamuke pamudzi pomwe pali munda wake wa fodya. Janet anamufunsa ngati Felista amamutchula. Gideoni anati anamuuza kuti asamatchule.

Nkhani inafika kuno tisanaifotokoze tokha. Janet anayesa kukazinga mandasi n'kukakhala nawo pamsika wa Nsaru. Tsiku loyamba anagulitsa asanu ndi awiri, onse kwa anthu odutsa. Tsiku lachiwiri mayi woyandikana naye anasuntha beseni lake. Tsiku lachitatu Janet anabwerera dzuwa lili pamutu, mandasi onse alimo, n'kukhuthulira nkhumba. Kumjigo amapita masana, pamene kulibe anthu. Mwezi watha tinamva kuti Gideoni akufunsira mkazi wa ku Kabudula, wa ana awiri kale. Janet anamva ali pamtondo, anaima pang'ono, n'kupitiriza kusinja. Ine amandiphikira, amandichapira, koma chichokereni ku Nambuma sanandiyang'anenso kumaso.