Abale a Sungani

Ine ndayendetsa thiraki mpaka ku Beira, Durban ndi Dar es Salaam, ndipo lero ndili ndi zanga zitatu pa Mwanza Boma. Kuyankhula ndi azungu ndimakutha. N'chifukwa chake mng'ono wanga Sungani anapereka nambala yanga.

Sungani ankakonza magalimoto pa kampu ya asilikali m'kadziko kena ku Ulaya. Kadzikoko kankafuna kulowa mumgwirizano wa asilikali a mayiko akuluakulu, ndiye kanauzidwa kuti kasinthe zonse, kuyambira mfuti mpaka antchito. Aliyense ankafufuzidwa mwatsopano.

Mayi wina wofufuza za Sungani anandiimbira ndikukwezetsa manachesi.

"Sungani ali ndi abale angati?"

"Mayi, ife si anthu ochepa!" ndinatero. Ndinatchula onse, ana a mayi aang'ono ku Thambani, ana a bambo aakulu ku Zobue, osaiwala achimwene a Dominic, msilikali wa ku Tete.

Sungani anali atatchula ine ndekha.

Mwezi usanathe, anatsika minibasi ndi chikwama chimodzi. Anamuchotsa ntchito, ati anabisa m'bale yemwe ndi msilikali wa dziko lina.

"Achimwene, kumeneko mwana wa bambo aakulu sawerengedwa," anatero motsitsa mawu.

"Ndiye ndikanawakana a Dominic, anthu anatilera aja?"

Sungani anakhala pakhonde n'kuvula nsapato pang'onopang'ono.

"Kumudzi mukawauze ndinu kuti ndabwera," anatero. "Ine ndatopa kufotokoza."