Mfundo za pa Chitseko

Mayi wina ankagwira ntchito yojambula pa kompyuta ku kampani yopanga zitseko. Zitsekozo zinali za utuchi wopanikiza, pamwamba pake n'kumatapo pepala looneka ngati thabwa. Iye ndi amene ankajambula thabwalo.

Loweruka lina anabwera ndi ntchito kunyumba. Ankafunika kumaliza chithunzi cha m'kabuku ka malonda: chitseko chotsegula pang'ono, kuseri kwake kukuoneka kanjira ka m'nyumba. Anaika kadontho pakati pa sikirini, mizere yonse ya pansi ndi ya makoma n'kumakathera pomwepo. Kenako anajambula mitsempha ya thabwa kachigawo kamodzi, n'kukabwereza mpaka chitseko chonse chinadzaza.

Bambo ake, omwe anali kalipentala kwa zaka makumi anayi, anali atabwera kudzacheza. Anakoka mpando n'kukhala kumbuyo kwake, magalasi ali pamphuno.

"Mwanawe, mtengo wake ndi uti wobala mfundo zofanana ngati mapasa? Iyi, iyi ndi iyi, nkhope imodzi."

"Ndimangobwereza, Ababa. Ndi mmene timachitira."

"Nanga thabwa lopingasali? Mitsempha yake ikuyang'ana kumwamba. Loterolo mwana kungolikankha, lathyoka."

"Si thabwa lenileni, Ababa."

"Ndaona. Koma likunamizira thabwa, ndiye linamizire bwino."

Mayiyo anasankha chigawo chopingasacho n'kutembenuza mitsempha yake kuti igone. Mfundo zija anazifufuta n'kuyamba kujambula imodziimodzi, akukoka timadontho ta mzere uliwonse kuti upinde mozungulira mfundoyo. Bambowo ankaloza ndi chikhadabo, osakhudza galasi. Apa pathinane, apa patakasuke. Mbali ya chitseko yomwe inali kutali ndi woonera anati mizere iyandikane, chifukwa diso limaona choncho. Zimenezo iye ankazidziwa kale, koma anangoti, "Chabwino."

Anamaliza dzuwa litapendeka. Bambowo anayang'ana kwa kanthawi, n'kupita kukakonza mwendo wa tebulo la kukhitchini umene palibe anawapempha kuti akonze.

Lolemba abwana anaona chithunzicho ataimirira, kapu ili m'manja.

"Chakongola, mayi. Koma timadontho takudati chotsani. Makasitomala aziyesa kuti chitseko chada."

"Ndi mfundo, bwana."

"Eya, mfundozo."

Mfundozo zinali pa gawo lakelake la chithunzicho pa kompyuta, choncho mayiyo anangodina kamodzi, zonse n'kuzimirira. Mizere yopinda ija inatsala ikuzungulira malo opanda kanthu. Abwana sanaone vuto. Anati akufunanso mitundu ina inayi ya matabwa mwezi usanathe.

Madzulo mayiyo anaimbira foni bambo ake, omwe anali atabwerera kwawo. Anawauza kuti chithunzi chalandiridwa, n'kufunsa ngati ali ndi tizidutswa ta mitengo yosiyanasiyana toti azionera.

"Tadzaza kuseri kwa shedi. Amayi ako amangosonkhezera moto."

Patapita masiku anayi kathumba kanafika pa basi. Munali zidutswa zisanu zopala bwino, chilichonse atalembapo dzina la mtengo ndi pensulo. Zinayi mayiyo anazindandalika pa desiki n'kuyamba kujambula. Chachisanu chinali ndi timabowo ta tizilombo, ndiye anachipereka kwa mlonda wa pageti, yemwe ankafuna chotsamiritsira zenera la kanyumba kake.