Makilomita Amene Ba Alick Anafufuta

Sitiroko inawagwira Ba Alick Chimphepo ali pa mzere wa malole pa malire ku Kazungula, mu Febuluwale chaka cha 2024. Anali atayendetsa malole zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Atatuluka m'chipatala, mwendo wamanzere unkakwekwereza pansi, ndipo dzanja la mbali yomweyo linkangogona pa ntchafu. Kulankhula kunabwerera patatha milungu itatu, koma dokotala anawauza kuti za kuyendetsa aiwale.

Akazi awo anali atamwalira kale, choncho anakakhala kwa mwana wawo Ezra ku Dambwa North. Ezra ankagwira ntchito ku migodi ya ku Solwezi ndipo ankabwera kamodzi pa miyezi iwiri. Pakhomopo panali mkazi wake Lungowe, wa mtundu wa Alozi a ku Mongu, ndi mwana wawo wamng'ono Thandi. Bambo a Ba Alick, amene anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji, anawalera ndi mwambo wakuti mpongozi sucheza naye ndipo sudya iye akuona. Motero iwo ndi Lungowe ankapatsana moni m'mawa, wina akuyang'ana pansi, wina akuyang'ana khoma, basi tsiku latha. Usana wonse Ba Alick ankakhala pansi pa mtengo wa mango, kumvetsera malole akamatsika magiya pa msewu waukulu.

Lungowe anali ndi kashopu kokonzera mafoni ndi makompyuta kuseri kwa masitolo a pa Mosi-oa-Tunya Road. Tsiku lina malo ena ogona alendo anataya kompyuta ya mu ofesi, ya zaka zisanu ndi zinayi, chifukwa pulogalamu yaikulu yatsopano inkakana kulowamo. Lungowe anaipukuta fumbi, nawonjezera memore, naikamo Linux kuchokera pa fulashi. Linux ndi pulogalamu yoyendetsera kompyuta yonse, yaulere, imene anthu a m'mayiko osiyanasiyana amalemba mothandizana, ndipo sinyoza makina akale. Pamwamba pake anaikapo masewera oyendetsa lole. Masewerawo anapangidwira pulogalamu ina, choncho pa Linux ankadutsira mwa kapulogalamu komasulira. Lungowe anataya masana awiri a Loweruka asanawaone akutseguka.

Kompyutayo anaibweretsa kunyumba pa takisi, naiika pa tebulo la pabalaza.

"Atate, pali kanthu apa. Mukafuna, muyese," anatero ataima pakhomo.

Ba Alick anayankha akuyang'ana mango. "Zamasewera ni za ana, amake Thandi."

"Ni lole, atate. Ili na magiya khumi na awiri."

Tsiku limenelo Ba Alick sanaikhudze. Koma Lachiwiri, Lungowe atapita kuntchito, analowa nakhala pa tebulopo. Pobwera madzulo anawapeza ali pomwepo, lole ya pa sikirini itagwera m'ngalande.

"Mabatani ake afuna manja awiri," anatero Ba Alick, ndipo aka kanali koyamba kuti ayambe okha kulankhula naye.

Lungowe anakoka mpando, nakhala chapatali pang'ono. Anasamutsa mabatani onse kuti akhale mbali yamanja ya kiyibodi: kukhota, mabuleki, magiya, nyali zokhotera. Hutala anaiika pa batani lalikulu la pansi. Ba Alick ankanena kuti ichi chikhale apa, icho apo, iye nkumasintha.

Kuyambira pamenepo ankayendetsa tsiku lililonse magetsi akakhalapo. Chaka chimenecho kunali chilala, madzi m'damu la magetsi la Kariba anachepa, ndipo magetsi ankabwera maola ochepa, nthawi yosadziwika. Babu la pabalaza ankalisiya loyatsa, ndipo likangowala iwo ankadzuka pansi pa mango nkulowa ndi ndodo yawo. Sankayendetsa ngati anthu amasewera. Sankapitirira liwiro lolembedwa pa zikwangwani. Asananyamuke ankayang'ana magalasi onse awiri. Akayenda maola awiri ankaimika lole pamalo opumira, nkutuluka kukamwa madzi. Misewu ya m'masewerawo inali ya ku Ulaya, yosalala, yopanda ng'ombe kapena njovu, ndipo ankati anthu akumeneko sadziwa kuti kuyendetsa n'chiyani. Komabe pofika Okutobala, nambala ya pakona ya sikirini inkaonetsa makilomita 61,400. Anali atagula malole atatu m'masewerawo, ndipo yoyambayo anaipaka utoto wobiriwira ngati imene ankayendetsa kale.

Mnzawo Ba Mukumbuta, amene kale ankayendera limodzi maulendo a ku Durban koma tsopano ankayendetsa takisi m'tauni, ankapatukira pakhomopo masana okwera akachepa. Ankakhala pambali nkumadzudzula.

"Mwachedwa kutsika giya apo, ba Alick."

"Katundu ni matani makumi awiri. Khalani chete."

Kumayambiriro kwa Novembala, mayi ake a Lungowe anadwala, ndipo iye ananyamuka ndi Thandi kupita ku Mongu. Anasiya mayi wina woyandikana naye nyumba kuti aziwaphikira Ba Alick. Patatha masiku anayi, masewera aja anadzikonza okha pa intaneti, monga amachitira nthawi zina, ndipo atatero anasiya kutseguka. Ba Alick akadina, sikirini inkada pang'ono nkubwerera pomwe inali. Anayesa kasanu ndi kawiri. Anaimbira Lungowe, koma kumudzi kumene anali netiweki inkapezeka pokhapokha munthu atakwera pa chulu, ndipo foni sinalowe.

Ba Mukumbuta atabwera masana, anatulutsa foni yawo nayamba kufufuza. Anapeza tsamba limene anthu osewera pa Linux amafunsana mafunso m'Chingerezi. Munthu wina anali ndi vuto lomwelo, ndipo wina anamuyankha kuti afufute foda imene kapulogalamu komasulira kaja kamasungiramo zinthu za masewerawo, kuti kaipangenso yatsopano. Pansi pake panali mzere wa malamulo woti munthu alembe.

"Ni apa," anatero Ba Mukumbuta. "Anthu khumi na anayi akuti yasebenza, vuto latha."

Ba Alick anali ataonapo Lungowe akutsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo. Anakatsegula. Ba Mukumbuta ankawerenga chilembo chimodzichimodzi, iwo nkumadina ndi chala chimodzi. Zinawatengera mphindi khumi. Atadina batani lomaliza, kompyuta sinafunse kanthu, sinanenenso kanthu. Inangotsikira pa mzere wina nkudikira.

Anadina masewera aja. Anatenga nthawi, kenako nyimbo yake inamveka. Ba Mukumbuta anaomba m'manja. Ndiyeno sikirini inawalonjera Ba Alick ngati mlendo, nkuwapempha kuti alembe dzina la dalaivala watsopano.

Anafufuza paliponse. Malole atatu aja panalibe. Nambala ya pakona inali ziro.

Ba Mukumbuta anabwereranso pa foni, natsikira pansi pang'ono pa tsamba lija. Pansi pa mzere wa malamulowo, woyankha uja anali atalemba kuti munthu ayambe wakopera kwina zimene anasunga m'masewera, chifukwa zimakhala mu foda yomweyo.

"Sin'naone," anatero motsitsa mawu. "Foni ni ing'ono, ba Alick. Sin'naone."

Ba Alick anazimitsa kompyuta bwinobwino monga anaphunzitsidwira, nadikira mpaka kanyali kake katazima, natenga ndodo nkutuluka. Ba Mukumbuta anakhala pabalaza kanthawi, kenako anapita ku takisi yawo. Sanabwerenso sabata imeneyo.

Masiku asanu ndi anayi otsatira, babu linkayaka ndi kuzima popanda wolisamala. Mayi wophika uja anauza Lungowe pambuyo pake kuti mkuluyo ankadya theka la chakudya, koma sanadandaule kalikonse.

Lungowe anabwera mayi ake atayamba kupeza bwino. Ba Alick anamufotokozera zonse mwadongosolo, monga dalaivala amafotokozera ngozi kwa apolisi: tsiku, nthawi, amene analipo, zimene analemba. Dzina la Ba Mukumbuta analitchula kamodzi kokha, osawaimba mlandu. Lungowe anatenga kompyutayo kupita nayo ku shopu, nayesa masiku awiri kubweza zofufutidwazo. Foda yatsopano inali italembedwa pamalo pa yakale. Anapezako tizidutswa tosatseguka.

Anaibweza kunyumba Lachisanu masana.

"Zakanika, atate. Ndipo mlandu wina ni wanga. Masewera aya amatha kusunga kope pa intaneti. N'nazimitsa ine, kuti mabando a intaneti asamathe msanga."

Ba Alick anagwedeza mutu. Lungowe anayamba kudzuka.

"Khalani, amake Thandi. Chija n'nalemba, chitanthauza chani?"

Lungowe anakhalanso pansi. Analemba mzere uja pa pepala nauduladula. Zilembo ziwiri zoyamba zikutanthauza kuti chotsa. Chotsatira chikuti lowa m'kati mwa foda, uchotse zonse zili m'menemo. Chinacho chikuti usandifunse.

"Usandifunse," anabwereza Ba Alick. "Ndiye kuti inachita zimene n'naiuza."

"Ee, atate. Linux ni mmene ilili. Ikhulupirira kuti mwini wake adziwa zimene achita."

"Lole nayo ni chimodzimodzi. Nanga lamulo lokopera ni liti?"

Anawaonetsa. Anafunsanso la kuona zimene zili mu foda, la kubwerera m'mbuyo, la kudziwa pamene uli. Anapempha kope la sukulu, nayamba kulembamo lamulo lililonse ndi tanthauzo lake m'Chinyanja, ndi zilembo zazikulu zopendekera. Milungu iwiri yotsatira, magetsi akabwera ankatsegula kawindo kakuda m'malo mwa masewera. Ankapanga mafoda, kuwakopera, kuwasamutsa, kuwafufuta dala. Madzulo ankasunga mafunso, ndipo Lungowe ankayankha akusenda anyezi. Mwambo wa upongozi sanauthetse ndi mawu. Kudya ankadyabe payekha.

Ba Mukumbuta anabwera Lamlungu lina atachoka ku tchalitchi, atanyamula chiwongolero cha masewera chakale chimene anachipeza pa salaula, pogulitsira zinthu zakale, ku msika wa Maramba. Anachiika pa tebulo osanena kuti n'cha chiyani. Chitalumikizidwa, kompyuta sinachizindikire. Ba Mukumbuta anatulutsa foni, napeza tsamba lina, nayamba kuwerenga mzere wa malamulo.

"Werengani mpaka pansi," anatero Ba Alick.

Anawerenga mpaka pansi, pamodzi ndi ndemanga zonse makumi atatu, zina zongotukwanizana. Zinatenga ola lathunthu. Chiwongolerocho chinagwira ntchito tsiku lachitatu, koma chinkakokera kumanzere pang'ono, ndipo vuto limenelo silinatheke kukonza. Ba Alick anayamba masewera atsopano ndi lole yobwereka ya kampani, monga aliyense amayambira. Ankayendetsa mwina kawiri pa sabata. Lole yobiriwira sanaipangenso.

Mu Januwale, ntchito inamuchulukira Lungowe. Masukulu anali kutsegulira, ndipo anthu ankabwera ndi malaputopu akale amene achibale anawatumizira, ofuna kuti ayambenso kuyenda. Anafunsa Ezra pa foni ngati kungakhale kulakwa kupempha atate kuti azimuthandiza. Ezra anati awafunse eni ake. Anawafunsa, ndipo iwo anati Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu angathe.

Ba Mukumbuta ankawatenga pa takisi m'mawa. M'shopumo Lungowe anawaikira Ba Alick tebulo pafupi ndi khomo, pamene mwendo ukanatha kutambasuka. Ntchito yawo inali kukopera zinthu za kasitomala pa disiki ina, kuonetsa kasitomalayo kuti zonse zilipo, kenako kulowetsa Linux. Ankachedwa kuposa Lungowe katatu, ndipo makasitomala ena ankadandaula.

Lachitatu lina kunabwera mphunzitsi wamkazi wa ku Simonga, dzina lake Ennie, ndi laputopu yong'aluka pakona. Anafuna ikonzedwe kuti azilemberapo mayeso a ana, koma anafunsanso, mwamanyazi pang'ono, ngati masewera ake a mpira angayendemo.

"Ena ayenda, ena sayenda," anatero Ba Alick. "Lembani dzina lake apa, tizayesa. M'kati muli zithunzi?"

"Za ukwati wanga. Na mapepala a sukulu a zaka zinayi."

"Khalani pa mpando apo, muziona pamene nikopera."

"Nili na basi ya 12 koloko, ba tate."

"Kuli inanso ya 2 koloko."

Ennie anayang'ana Lungowe, amene anali kumasula foni ina ndipo sanadzutse mutu. Kenako Ennie anaika chikwama chake pansi, nakhala. Mafayilo anali zikwi zinayi ndi mazana awiri, ndipo laputopuyo inkawatulutsa pang'onopang'ono.