Mfumukazi m'Sefa ya Tiyi

Mpiru utangoyamba kuchita maluwa m'minda ya kumunsi, ndinamatula thabwa la mng'oma wathu. Mng'omawo ndi mphako ya m'khoma la chipinda chogona: njuchi zimalowera kunja pa kabowo, ife timatsegulira m'kati. Ndinafukiza utsi wa ndowe youma, n'kuwalitsa ndi foni. Zisa zinali zitadzaza mpaka pathabwa, ndipo kumunsi kwake kunalendewera timatumba tonga mtedza wosasenda, tina totseka kale. Mafumukazi atsopano amenewo. Ndiye kuti wakaleyo anali pafupi kusamuka ndi theka la banja.

"Zikupitanso kwa abambo ako aakulu," anatero amayi, akukanda ufa wa chapati osatembenuka n'komwe.

"Chaka chino ayi."

"Unateronso chaka chatha."

Sananame. Chaka chatha ndinadula timatumba tonse monga ndinaonera pafoni, njuchi n'kumanga tina, n'kupita ndithu. Kuno kwathu kumapiri a Kumaon njuchi zikasamuka zimakhala za mwini khoma limene zalowa. Pogawana nyumba abambo atamwalira, akulu awo, a Diwan, anatenga mbali yokhala ndi mphako zitatu za njuchi, ife n'kutisiyira imodzi. M'ziwiri mwa zitatuzo mukulira ana a njuchi zathu, koma uchi wake sitinaunyambitepo. Yachitatu anali ataipaka kale phula lokopera njuchi, masanasana, akuimba mluzu.

Ndinatulutsa makapu a amayi m'mphako yosungira ziwiya, n'kuboola kabowo kotulukira kunja.

"Hansi, wapenga? Makapu angawa agona kuti?"

"Makapu sauluka, amayi. Adikira."

Kenako ndinapita kwa akazi awo a Diwan, a Khimuli, kukabwereka sefa ya tiyi.

"Yanu yatani?"

"Ilipo, amayi. Ndikufuna ziwiri."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso amuna awo amene anali pamakwerero akusisita phula lija. "Tenga. Ine sindinafunse kanthu."

Kuyambira pamenepo, dzuwa likangotentha ndinkakwera pa denga la khola la mbuzi, pafupi ndi kabowo ka mng'oma, masefa awiri ali m'manja. Udzu wa ng'ombe ankamweta amayi okha, akundinena njira yonse. A Diwan nawo ankakhala pabwalo pawo, mbale yamkuwa ndi supuni zili pambali, phulusa lili m'chidebe.

"Mwana iwe, ukuwerenga njuchi? Zikafika kuno undiuze kuti zinalipo zingati!"

"Zokwanira kukulumani zonse, bambo!"

"Tamverani pakamwa pakepo. Adzakukwatira ndani?"

"Wokhala ndi khoma lake."

Tsikulo linafika mphepo italeka. Khoma linayamba kung'ung'udza ngati basi ikukwera phiri, kenako njuchi zinakhuthuka pa kabowo, bwalo lonse bii. Sindinayang'ane kumwamba. Maso anga anali pa kabowo basi, chifukwa mfumukazi ndi wolemera, sauluka msanga, amayamba wayendayenda pakhoma. Imodzi inandiluma pachikope, ndinaitukwana pamodzi ndi mtundu wake wonse. Ndiye uyo, wamtali, wakuda, akutuluka mosathamanga ngati mkazi wa bwana. Ndinamuvundikira ndi sefa, n'kumukankhira pang'onopang'ono ndi tsamba, sefa inayo pamwamba, n'kumanga ndi kansalu ka kumutu.

Kutsidya kwa mpanda kunali chikondwerero. A Diwan ankaimba mbale, kuwaza phulusa m'mwamba, kukuwira mfumukazi kuti, "Khalani, amayi, khalani!" Khamu linatera pa nthambi ya mpichesi wawo, n'kulendewera ngati ndevu.

"Khimuli, ika tiyi! Alendo afika! Hansi, bwera udzatsanzike abale akowa!"

Anthu oyandikana nafe anayamba kusonkhana. A Diwan anatenga dengu, n'kuyamba kusanthula njuchi ndi chala kufuna mfumukazi. Anasanthula kumtunda, anasanthula kumunsi. Ndevu zija zinayamba kunjenjemera, kuthothoka, njuchi zikuthamangathamanga ngati ana otayika pamsika.

Ine ndinamangirira masefa aja m'kati mwa dengu lathu, n'kulikweza pa nsungwi, kuno kwathu kwa mpanda. Zinayamba ziwiri zitatu. Zinatera pa sefa, n'kukweza matako, n'kumakupiza mapiko kuitana zinzawo. Posakhalitsa nsungwi inayamba kulemera, nthambi ya mpichesi ikuwongoka.

"Wakuba iwe! Zinatera pa mtengo wanga!"

"Mtengo si khoma, bambo. Chaka chatha zinatera pa mtengo wathu uwo, inu munabwera ndi dengu. Munati chiyani? Munati mtengo ndi pongopumira!"

Anthu anaseka. Wina anati, "Munaterodi, a Diwan, ndinalipo."

"Wagwiritsa mankhwala mwana ameneyu! M'dengumo muli chiyani?"

"Sefa ya akazi anu."

A Khimuli anali pakhomo ndi ketulo, nsalu ataikokera kukamwa, mapewa akugwedezeka.

Ndinalowa nalo dengulo m'nyumba mosagwedeza, amayi akutsegula zitseko uku akupemphera uku akundikalipira. Ndinakhuthulira khamu lonse m'mphako ya makapu, n'kumasula masefa. Mfumukazi anatuluka, n'kulowa pakati pa ana ake osandithokoza. Thabwa tinalimata ndi ndowe tonse awiri. Diso langa linali litatupa ngati dzira.

Madzulo a Khimuli anabwera kudzatenga sefa yawo.

"Abambo ako aakulu akumwa tiyi wamasamba, akulavulira bwalo lonse. Akuti mphako yawo anaipakira phula chabe."

"Adikire njuchi zawo zisamuke. Ali nazo ziwiri."

"Zikasamuka zimenezo, iwe ukhale m'nyumba, wamva? Usakwerenso pakhola."

Anaika khutu pakhoma. M'kati munali kung'ung'udza kwa anthu okhazikika. Ananunkhiza sefa yawo, n'kuipukuta ndi nsalu.

"Uchi woyamba, kapu imodzi ndi yanga. Yanga, osati ya nyumba."

"Kapu yake iti?" anatero amayi, akuloza mulu wa ziwiya pansi. "Sankhani, mlamu. Onsewa alibe kwawo."