Matambula Atatu Pansi pa Mabeseni

Mbande mazana atatu zitafika pakhomo, Bassou sanakhazikike. Ankangozizungulira ngati munthu amene mbuzi yake yaswa mapasa. Mkazi wake Rkia nayenso anasangalala, mpaka pamene anamva kumene bamboyo ankafuna kuzibzala.

Kumtunda kwa nyumba yawo kunali kankhalango ka mitengo ya thundu kamene Rkia anasiyiridwa ndi bambo ake. Bassou anati mitengoyo yatha ntchito. Aidula, atentha masamba, agaula, kenako abzalapo yatsopano. Munthuyo sankadziwa kudikira. Ngodya imodzi anali ataigaula kale ndi bulu m'mawa womwewo.

"Mtengo wokalamba suyeretsanso mpweya, Rkia," anatero. "Mphamvu ili mwa ana."

"Ndiye tiyambire inu kudulako? Imvi zanuzo mumaziona?"

Bassou anaseka, koma nkhwangwa anainolabe. Rkia mtima unamuwawa kwambiri. Anatsikira kumsika kukafuna Si Addi, mlangizi wa zankhalango, ndipo anabwera naye dzuwa lisanafike pamutu.

Si Addi sanakalipe. Anapempha matambula atatu a tiyi ndi mabeseni atatu. M'matambulamo anathiramo madzi a laimu, uja wopaka khoma, atadikha bwino mpaka kuyera mbee.

"Nthaka imapuma, Lalla Rkia," anatero, pomutchula mwaulemu. "Imatulutsa mpweya wa kaboni, womwe ukutenthetsa dziko. Mpweyawo ukakhudza madzi awa, amachita mbuu."

Tambula yoyamba anaiika pamene Bassou anagaula. Yachiwiri anaiika m'kankhalango kamene mudzi unabzala zaka khumi ndi zisanu zapitazo, ndipo yachitatu pansi pa mitengo yakale ija. Iliyonse anaivundikira ndi beseni, n'kukwirira m'mbali ndi dothi.

Nkhani inawanda. Anansi anadzaza pakhomo, akumwa tiyi, akusunsa buledi m'mafuta a azitona, aliyense ndi mbali yake.

"Bassou, lero beseni la mkazi wako likuweruza," anatero mnansi wina, anthu onse n'kufa nacho chiseko.

Dzuwa litapendeka, gulu lonse linakwera phiri mothamanga. Pogaula paja madzi anali ngati mkaka. M'matambula ena awiri aja anali atangochita mbuu pang'ono. Rkia anafuna kuvina, koma Bassou analoza tambula yachitatu.

"Mwaonatu, Si Addi? Nkhalamba zakezi nazonso zikutulutsa."

"Zoona, m'bale wanga. Mizu imapuma, tizilombo ta m'dothi timapumanso. Koma pisani dzanja apa."

Bassou anagwada n'kupisa. Dothi linali lakuda bii, lofewa, lozizira, ndipo dzanja linalowa mosavuta.

"Amenewo ndi masamba a zaka zambirimbiri," anatero Si Addi. "Pamene pangodulidwa kumene, nthaka imatulutsa kaboni wambiri kuposa amene ikulandira, chifukwa dzuwa likuwomba ndipo timitengo tating'ono sitigwetsa masamba okwanira. Nkhalango ikamakula, mthunzi umabwera, masamba amachuluka, nthaka n'kuyamba kusunga. Apa pasungidwa zochuluka. Mukadula n'kugaula, zithawira kumwamba, ndipo mbande zanu zidzatenga zaka makumi angapo kuti zibweze."

Bassou anafikisa dothilo m'zala. Kenako nkhope inawala.

"Nanga mbandezi tikazibzala paphiri la kutsidya lija mbuzi zinaseteka? Pajatu palibe chothawa."

"Pamenepo ndiye pamalo pake," anatero Si Addi.

Sabata yomweyo anansi anathandizana kukumba mayenje paphiri lopanda kanthu lija, amayi akuimba. Rkia anatuta masamba ouma n'kuphimba ngodya yogaulidwa ija, ndipo palibe mtengo wa bambo ake umene unagwa. Tsopano banjali lili ndi nkhalango ziwiri, yakale ndi yatsopano.

Mitengo yatsopano tiziibzala pamene palibe mitengo. Nkhalango yakale tisaidule, ndipo masamba ndi dothi la pansi pake tizisiye, chifukwa zimene nthaka yasunga kwa zaka zambiri zikhoza kutayika m'nthawi yochepa.