Denga Lomva Mvula la Pak Sarwidi

Bu Kasmirah, kapena kuti Mayi Kasmirah, anapanga krupuk kwa zaka makumi awiri ndi zitatu osafunapo makina aliwonse. Ankakanda ufa wa chinangwa pamodzi ndi nsomba yosinja, kuphika mitanda yake, kuidula timagawo topyapyala, n'kuyanika pa mathandala asanu ndi limodzi kuseri kwa nyumba yawo m'tauni ya Rembang. Timagawoto tikauma bwino, tinkafufuma potikazinga m'mafuta. Mitambo ikayamba kuda chakunyanja ankaiona okha, n'kukaanula.

Zinthu zinasokonekera amuna awo, Pak Sarwidi, atapuma pa ntchito yokonza injini za maboti. Ntchito anaisiya, koma manja anakana kukhala. Anayamba ndi supuni yokhala ndi kafani koziziritsa msuzi, imene inkawaza msuziwo kumaso kwa wakudya. Kenako anapanga mapatapata okhala ndi tochi kutsogolo. Bu Kasmirah ankangoseka, poti zonsezo sizinkafika pa krupuk wawo.

Tsiku lina pochokera kumsika anapeza njanji ziwiri zitadutsa pamwamba pa mathandala, kumapeto kwake kuli lona wabuluu wopindidwa.

"Pak, ichi ndiye chiyaninso?"

"Denga lomva mvula, Bu. Dontho limodzi likangogwera pa kambale kamkuwa ako, limadzitseka lokha. Zothamangathamanga zija zatha."

"Ndinakudandaulirani liti kuti ndatopa n'kuthamanga?"

"Mota yake ndachotsa m'makina ochapira aja."

"Ati? Anga aja?"

"Ankangosokosa, Bu."

Pak Sarwidi anaviika chala m'kapu n'kudonthezera pa kambale. Mota inalira, lona anayenda n'kuphimba mathandala onse, ndipo kasipika komangirira pa mzati kanakuwa ndi mawu a Pak Sarwidi omwewo: "Mvula, Bu! Mvula, Bu!"

Chinthucho chinkamvadi, koma chinkamva zonse. Mbalame ikaipitsa pa kambale, denga linkatseka. Aneba akamathirira tsabola wawo, linkatseka. Lachitatu linatseka dzuwa lili pamutu, Bu Kasmirah ali kogula nsomba, ndipo pobwera anapeza krupuk atachita thukuta pansi pa lona, akununkha ngati pansi pa boti.

"Ndichepetsa makutu ake," anatero Pak Sarwidi, natenga sikuludiraiva.

Anachepetsadi. Loweruka kunagwa chimvula, denga lili chete. Bu Kasmirah anali kukhitchini, akuyembekeza kumva kukuwa kuja. Pamene kasipika kankati "Mvula, Bu!" n'kuti mathandala awiri atasanduka phala, ndipo anathera kwa abakha.

"Chotsani chinthu chanuchi lero lomwe," anatero.

"Kwatsala pang'ono chabe, Bu. Pakati pa kumvetsetsa ndi kugontha pali malo ake, ndiwapeza."

Asanawapeze malowo, mkazi wa aneba anajambula dengalo pa foni n'kuliponya pa intaneti. Pasanathe sabata anthu anayamba kufika pa njinga zamoto, ena kuchokera ku Pati, ena ku Kudus, aliyense ndi botolo lake la madzi. Aliyense ankafuna kudonthezera yekha, kuona lona akuyenda, n'kuseka mawu a m'sipika. Denga linkatseka ndi kutseguka maulendo makumi atatu pa tsiku. Pak Sarwidi anayamba kuvala malaya a batik, ovala pa zochitika zapadera, m'mamawa, akufotokoza za mawaya kwa aliyense woima pachipata.

"Abale inu, izi n'zakudya, zimafuna dzuwa!" ankatero Bu Kasmirah.

"Ndi amenewo Bu wake uja!" wina anakuwa, ndipo mafoni onse anatembenukira kwa iwo. Kumsika nako ogulitsa nsomba anayamba kuwalonjera kuti, "Mvula, Bu!"

Panali mayi wina, Bu Hartutik, mwini malo odyera a kumsewu waukulu, amene ankatenga krupuk kwa Bu Kasmirah Lachisanu lililonse kwa zaka khumi ndi chimodzi. Mwezi umenewo mwana wawo ankakwatira, ndipo anaitanitsa makilo makumi awiri. Atabwera kudzatenga, anatola kagawo kamodzi n'kuyesa kukathyola. Kanangopindika. Anapempha kuti akazinge kena. M'mafuta kanakana kufufuma, kanangofiira n'kukhwinyata.

"Yu Kas, ine ndimakudziwani, si dzanja lanu ili," anatero Bu Hartutik motsitsa mawu, powatchula Yu, kutanthauza achemwali. "Koma alendo a ukwati sindingawapatse mphira. Ndikafuna kwina."

"Ndipatseni masiku awiri okha."

"Ukwati ndi mawa, Yu."

Bu Kasmirah anawaperekeza mpaka pachipata. Pomwepo panaima galimoto, n'kutsika akuluakulu atatu a kuboma ovala yunifolomu, atanyamula satifiketi ya m'felemu yoyamikira luso la Pak Sarwidi. Wamkulu wawo anapempha kapu ya madzi kuti naye ayese.

Atadonthezera pa kambale, lona anayamba kuyenda. Bu Kasmirah analowa kukhitchini, natuluka ndi chimpeni chodulira mitanda ya krupuk, nadula waya wa mota kamodzi kokha. Lona anaima pakati pa njanji, mathandala atatu ali padzuwa, atatu mumthunzi. Koma kasipika kanali ndi batire lakelake, ndipo kanapitiriza: "Mvula, Bu! Mvula, Bu!" Akuluakulu aja anayang'anana, mmodzi n'kuyamba kuomba m'manja, poganiza kuti mwina ndi mbali ya chionetsero.

"Bu, pamaso pa alendo?" ananong'ona Pak Sarwidi.

"Alendo anuwa adya krupuk wanga ndi liti? Kasitomala wa zaka khumi ndi chimodzi wapita, inu mukulandira pepala. Likazingeni tione ngati lifufume!"

Madzulo ake Pak Sarwidi analumikizanso waya uja, akuti anthu a pa wailesi ya kanema analonjeza kubwera Lolemba. Bu Kasmirah sanakanganenso nawo. M'mawa mwake anabwereka ngolo yokankha, nasamutsira mathandala onse kwa mng'ono wawo kuseri kwa mzikiti, mtunda wokwera ndithu. Denga linatsala likuphimba dothi, ndipo anthu sanasiye kubwera ndi mabotolo awo.

Kuyambira pamenepo krupuk ankakwera chitunda m'mawa uliwonse n'kutsika dzuwa likapendeka. Bu Hartutik sanabwererenso. Kwa masiku anayi Bu Kasmirah anakankha okha. Tsiku lachisanu Pak Sarwidi anavula batik, nagwira chogwirira cha ngolo. Anayenda choncho mpaka pakati pa chitunda, pamene bamboyo anaima kuti apume, maso ali pa matayala.

"Bu, ngolo imeneyi itakhala ndi ka..."

"Kankhani, Pak."

Anakankha.